Jules Léotard, mnyamata wa pa katungwe

Ana inu, ndani mwa inu sadakwerepo katungwe? Timamanga zingwe ku nthambi ya mango, tikhala pa kandodo, mnzathu natikankha. Lero tiwerenga mbiri ya munthu amene adasandutsa katungwe kukhala nchito yake. Munthuyu adamwalira kalekale, koma dzina lake lidatsalira pa cobvala cimene obvina ndi ocita masewera olimbitsa thupi amabvala m'maiko ambiri.

Ubwana wake

Jules Léotard adabadwa m'caka ca 1838 mumzinda wa Toulouse, kummwera kwa dziko la France. Bambo ake, a Jean Léotard, adali mphunzitsi wa masewera olimbitsa thupi. Iwo adali ndi nyumba yophunzitsiramo masewerawo, ndiponso dziwe locita kumanga losambiramo. Conco Jules adakulira pakati pa zingwe, makwerero ndi madzi.

Kusukulu adaphunzira bwino, ndipo zinkaoneka kuti adzagwira nchito ya zamalamulo. Koma mtima wake udali pa zingwe za bambo ake. Ali ndi zaka ngati 18, adayamba kuyesa cinthu cimene anthu adali asanacionepo.

Masiku amenewo kudali kale katungwe wa m'mwamba, amene Azungu amamucha trapeze. Ndi ndodo yopingasa yolendewera ku zingwe ziwiri. Anthu ankalendewera pa ndodo imodzi, nacita masewera awo pomwepo, kenaka natsika. Jules adamanga akatungwe angapo motalikirana. Ankagwira woyamba, nalendewera uku ndi uku, kenaka nataya manja, kuuluka m'malere kukagwira waciwiri.

Cinthuci ncobvuta kwambiri. Katungwe waciwiri ayenera kukhala akubwera pa nthawi imene manja akufika. Akacedwa pang'ono, kapena akafulumira pang'ono, munthu agwira mphepo. Jules ankadziwa kuti pophunzira adzaphonya kambirimbiri. Ncifukwa cake adamanga akatungwe ake pamwamba pa dziwe lija. Akaphonya ankangoti khubvu m'madzi, nasambira, nakweranso.

Usiku wa ku Paris

Pa 12 Novembala 1859, Jules adaonetsa luso lake mumzinda wa Paris, likulu la France. Caka cimeneco ndi comwe David Livingstone adafika ku nyanja ya Niassa. Malo ake adali Cirque Napoléon, nyumba yaikulu yozungulira, mmene anthu ankalipira ndalama kuti aone akavalo ophunzitsidwa ndi masewera odabwitsa. Nyumbayo ilipobe, ndipo tsopano imachedwa Cirque d'Hiver.

Jules adauluka kucoka pa katungwe wina kupita pa wina, mpaka kutembenuzika m'malere asanagwire ndodo. Masewera onse adatenga mphindi 12 zokha. Pansi padalibe madzi ngati kwawo kuja, padalibenso ukonde womuwakha. Padangoyalidwa matiresi pa matabwa. Anthu ankamuyang'ana mitima ili m'mwamba, ndipo atatsika bwinobwino nyumba yonse idaomba m'manja.

Mbiri yake idawanda. Mu 1861 adapita ku London, likulu la England, kumene ankasewera m'nyumba yochedwa Alhambra. Kumeneko ankauluka pamwamba pa mitu ya anthu amene adakhala pa matebulo nkumadya. Ankalandira mapaundi 180 pa sabata, ndalama zimene mmisiri wamba sakadazipeza ngakhale atagwira nchito caka cathunthu. Mu 1867 woimba wina wa ku England, George Leybourne, adapeka nyimbo yonena za iye. Mu 1868 Jules adaoloka nyanja yamcere nakasewera ku New York.

Cobvala cake

Tsopano taganizani. Munthu angathe kuuluka pa katungwe wotere atabvala jekete ndi buluku lotaya? Nsalu yolendewera ingakodwe pa cingwe kapena pa ndodo, ndipo kukodwako ndi imfa. Amuna a ku France a nthawi imeneyo ankabvala zobvala zolemera, zosanjikiza. Jules adafuna cobvala cimene sicingamuchinge.

Iye ankabvala cobvala coluka, cothina, cogwira thupi ngati khungu. Cinkaphimba cifuwa, mimba ndi ciuno, koma mikono inkakhala yomasuka. Popeza cidali coluka, cinkatamuka iye akadziongola, nicibwerera akapinda thupi. Cinkaonetsanso minofu yake, ndipo ici cidathandiza kuti oonerera aculuke.

Iye mwini ankacichula cobvalaco kuti maillot, mau a Cifalansa onena za cobvala cothina. Anthu adayamba kucicha leotard ca m'ma 1886, mwini wake atagona kale m'manda zaka 16. Poyamba ankacibvala ndi amuna ocita masewera a m'mwamba.

Obvina a ballet

Ku Ulaya kuli gule wochedwa ballet. Adayambira m'nyumba za mafumu a ku Italy, nakulira ku France, kumene mfumu Louis XIV idakhazikitsa bungwe la zobvinabvina mu 1661. Obvina oyamba ankabvala zobvala za kunyumba ya mfumu: madiresi olemera ofika pansi ndi nsapato zazitali kucidendene. Ndi zobvala zotere kudumpha kudali kobvuta.

Pang'onopang'ono obvinawo adapeputsa zobvala zawo. Marie Camargo, amene adayamba kubvina ku Paris mu 1726, adafupikitsa diresi lake kuti mapazi ake azioneka. Mu 1832 Marie Taglioni adabvina gule wochedwa La Sylphide atabvala siketi yoyera, ya nsalu yopyapyala, yolekeza pamwamba pa akakolo. Obvina ambiri adamutsanzira.

Koma nsalu yopyapyala idabwera ndi bvuto lake. Magetsi kudalibe, ndipo pobvinira ankaunikira ndi nyali za gasi. Mu Novembala 1862, mtsikana wina wodziwa kubvina, Emma Livry, ankakonzekera gule ku Paris. Siketi yake idakhudza nyali, moto nubuka. Adapsa kwambiri, nadwala miyezi isanu ndi itatu, ndipo adamwalira mu Julayi 1863 asanakwane zaka 21. Izi zidacitika mumzinda womwewo umene Jules adachukira.

Padapita zaka zambiri kuti obvina atengere cobvala ca Jules. M'zaka za m'ma 1900 adayamba kucibvala pophunzira, cifukwa mphunzitsi amatha kuona bwino ngati msana waongoka ndiponso ngati miyendo yaima moyenera. Pambuyo pake adayamba kubvina naco pamaso pa anthu. Mu 1957 ku New York, George Balanchine adaonetsa gule wochedwa Agon, mmene akazi adabvina atabvala leotard wakuda wopanda zokongoletsa. Mu 1958 Joseph Shivers, wa ku kampani ya DuPont ku America, adapanga ulusi wotamuka kwambiri wochedwa spandex. Ulusi umenewu udacititsa kuti cobvalaco cizigwira thupi bwino koposa kale. Pa masewera a Olimpiki a mu 1976 ku Montreal, Nadia Comăneci wa ku Romania, mtsikana wa zaka 14, adapata mapointi onse 10 atabvala leotard.

Imfa yake

Jules sadaone zonsezi. Adamwalira mu Ogasiti 1870 ndi matenda opatsirana, ali ndi zaka 32. Caka cimeneco nthomba idabvuta kwambiri m'dziko la France, ndipo olemba mbiri yake ambiri amati ndiyo idamutenga. Munthu amene adapulumuka pa akatungwe zaka zoposa khumi adafera pa mphasa. Nthomba yoopsayo idatha cifukwa ca katemera, ndipo mu 1980 kudalengezedwa kuti yatheratu pa dziko lonse.

Ife kuno kwathu

Kuno ku Etatara, ku Cuamba, ku Mandimba kapena ku Ngauma, leotard sitimuona pamsika. Koma nzeru yake timaidziwa. Amayi akamapita kobvina cioda amamanga kapulana molimba m'ciuno kuti isamasuke gule ali pakati. Abambo obvina nganda amabvala akabudula kuti miyendo iziponyedwa bwino. Wopita kukathyola thonje sabvala ngati wopita ku ukwati. Nchito iliyonse ili ndi cobvala cake, ndipo mtundu uliwonse uli ndi kabvalidwe kake kaulemu.

Palinso cina coti tikumbukire. Jules asanataye manja koyamba, adayamba waganiza za pogwera. Adaphunzira pang'onopang'ono, bambo ake ali pafupi. Dziwe lake lidali locita kumanga, lopanda miyala ndi zitsa. Mtsinje wa Lúrio ndi nyanja ya Amaramba si conco: muli miyala, mitengo yomira ndi ng'ona. Inu mukamamanga katungwe, sankhani nthambi yaiwisi, yesani cingwe, cotsani miyala pansi, ndipo itanani wamkulu adzaone. Mukamasewera kapena kubvina pafupi ndi moto, mangani bwino nsalu yanu.

Mafunso

1. Ncifukwa ciani Jules adamanga akatungwe ake pamwamba pa dziwe?
2. Kodi cobvala cothina cinkamuteteza bwanji?
3. Cidacitika nciani kwa Emma Livry mu 1862?
4. Jules adabadwa mu 1838 namwalira mu 1870. Padapita zaka zingati kucokera pamene adabadwa kufika pamene adasewera ku Paris?
5. Funsani agogo anu zimene ankabvala pobvina ali acinyamata. Mawa mudzafotokozere anzanu m'kalasi.