Charles Darwin ndi ziwalo zimene zinapuma pantchito

Anzanga, tayesani kugwedeza makutu osawagwira. Ambirife tilephera, chonsecho timinofu togwedezera makutu tili nato, monga galu ndi mbuzi. Munthu amene ndikufuna ndikuuzeni lero anadabwa ndi zinthu ngati zimenezi moyo wake wonse.

Charles Darwin anabadwa pa 12 February 1809 ku Shrewsbury, m'dziko la England. Bambo ake ankafuna kuti akhale dokotala, koma ku Edinburgh mnyamatayu sanapirire kuona anthu akuchitidwa opaleshoni popanda mankhwala oletsa ululu, ndipo anasiya. Anakaphunzira ku Cambridge, kenaka mu 1831 anakwera sitima yotchedwa Beagle, n'kuzungulira dziko kwa zaka pafupifupi zisanu. Ku zilumba za Falkland anaona abakha amene mapiko ali nawo koma sauluka. Nanga mapikowo ndi a chiyani?

Yankho lake linali lakuti zamoyo zimasintha pang'onopang'ono m'mibadwo yambirimbiri. Chiwalo chimene makolo akale ankachidalira chimatha kuchepa kapena kutaya ntchito yake yoyamba, koma osazimiririka. Maganizowa anakhala nawo zaka pafupifupi 20 osawasindikiza. Ankadziwa kuti adzautsa mkangano, ndiponso mkazi wake Emma anali wopemphera kwambiri. Mu 1858 Alfred Russel Wallace anamutumizira maganizo ofanana ndi akewo, basi Darwin anafulumira, ndipo mu 1859 buku la On the Origin of Species linatuluka.

Mu 1871, m'buku la The Descent of Man, anafika pa ife anthu. Anatchula kafupa ka kumapeto kwa msana komwe ndi kotsalira ka mchira, mano omaliza kumera kumbuyo kwenikweni, ubweya wochepa wa pathupi, ndi apendikisi. Asayansi a masiku ano apeza kuti apendikisi imathandizako pa chitetezo cha m'thupi. Ndiye tisamanene kuti ziwalozi n'zachabechabe. Zinangosiya ntchito yake yakale.

Darwin anamwalira pa 19 April 1882, ndipo anamuika ku Westminster Abbey, mumzinda wa London.

Ine chimene chimandigwira mtima n'choti sanathamangire kuyankhula, anayamba wasonkhanitsa umboni. Kaya mukugwirizana naye kaya ayi, mukamatsutsana pa buleki yambani mwadziwa zimene anaona, osangoti anati tinachokera kwa anyani a m'phirimu. Iye ankanena za kholo limodzi lakalekale.