Agatha Christie, Mayi Wamanyazi Wolemba za Ambanda

Anzanga, ndati ndikuuzeniko za mlembi amene mabuku ake ndimawakonda. Mayi Agatha Christie anabadwa mu 1890 ku Torquay, ku Mangalande. Anaphunzirira pakhomo ndipo anakula ndi manyazi ambiri. Pa nkhondo yoyamba mu 1914 anagwira ntchito m'chipatala, kumene anadziwira za mankhwala akupha amene amapezeka m'nkhani zawo.

Buku lawo loyamba linatuluka mu 1920, ndipo onse ofufuza milandu anakwana 66. Londigwira mtima ndi The ABC Murders la 1936. M'menemo mbanda ikupha anthu motsata zilembo: ku Andover, ku Bexhill, kenaka ku Churston. Ambiri akuyesa ndi wamisala, koma wofufuza Hercule Poirot akudekha mpaka kutulukira kuti gwero lake ndi dyera la chuma.

Dorothy Sayers atamwalira mu 1957, mayiwa anavomera kutsogolera bungwe la alembi la Detection Club, pokhapokha asamakalankhule pagulu. Anamwalira mu 1976.

Tsono mnzathu wofatsa uja tisamuyese mbuli, mwina akuona zimene ife olongolola sitiona. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.