Sydney Ringer, dokotala amene anaphunzira kwa chule

Abale anga, ndikakhala pa naiti muno ku UK ndimapachika matumba a dripi osawerengeka. Kuno timangoti Hartmann's, koma kumudzi tinazolowera kuti Ringer's lactate. Kodi Ringer ameneyu anali ndani?

Sydney Ringer anabadwira ku Norwich, ku England, mu 1835. Anaphunzira udokotala ku University College, London, ndipo anagwira ntchito pachipatala cha pomwepo zaka zambiri. Akamaliza kuona odwala ankakalowa mu labu kukafufuza mitima ya achule.

Cha mu 1882 ankaika mtima wa chule m'madzi a mchere, mtimawo n'kumagundabe kwa maola. Kenaka anatulukira kuti womuthandiza wake sankagwiritsa ntchito madzi oyeretsedwa kotheratu monga anauzidwira, koma a pampopi a mu London. Atabwereza ndi madzi oyeretsedwawo, mtima uja sunachedwe kufooka. Wina akanangokalipira wantchitoyo basi. Iye anafuna adziwe chimene chinali m'madzi a pampopiwo, ndipo mu 1883 analengeza kuti ndi calcium, wochepa zedi, koma popanda iye mtima sugunda bwino. Anaonanso kuti potassium amafunika pa muyeso wake.

Pagona nkhani ndi apa. Mchere ukasungunuka, tizidutswa take timamwazikana m'madzi monse, moti simungauone ngakhale kuusefa ndi nsalu. Madzi awiri angaoneke mbee chimodzimodzi, koma ena osunga moyo, ena ayi. Chimasiyanitsa ndi zimene zasungunukamo komanso kuchuluka kwake.

Ringer anamwalira mu 1910 ku Lastingham, ku Yorkshire. Mu 1932 dokotala wa ana wa ku America, Alexis Hartmann, anaonjezera lactate m'madzi a Ringer aja. Ndiyo dripi imene amaika munthu amene watha madzi m'thupi ndi kolera, monga pa mliri umene unavuta ku Malawi mu 2022 ndi 2023.

Ndiye mukamaimba foni kumudzi n'kumva kuti mwana watsegula m'mimba, musangotumiza ndalama. Auzeni asungunule ORS m'madzi aukhondo pa muyeso umene walembedwa papaketi, osati mongoyerekeza, chifukwa mchere ukachuluka umapweteka mwana. Akayamba kufooka kapena kukana kumwa, athamangire naye kuchipatala osadikira kuti kuche.