LOUIS BRAILLE, MPHUNZITSI WA AKHUNGU

Ambiri a ife tinamva za zilembo za Braille, zimene akhungu awerenga ndi zala. Koma ndi owerengeka amene adziwa kuti mwini wace anali mphunzitsi mnzathu, ndi kuti anagwira nchito yace ali wodwala zaka zoposa 15.

Louis Braille anabadwa pa 4 January 1809 m'mudzi wa Coupvray, ku France. Ali ndi zaka 3 anadzilasa m'diso ndi citsulo coboolera zikopa ca atate wace; nthenda inalowanso m'diso linzace, nakhala wakhungu. Mu 1819 anamtumiza ku sukulu ya akhungu ku Paris. Kumeneko, ali ndi zaka 15, anakonza zilembo zace za timadontho 6 totukuka, ndipo atakula anakhala mphunzitsi pa sukulu yomweyo.

Nyumba ya sukuluyo inali yakale ndi yacinyontho. Ca m'ma 1835 Braille anayamba kutsokomola mwazi. Cinali cifuwa cacikuru, ndipo masiku amenewo kunalibe mankhwala ocizira nthendayi. Wodwala ankangomuuza kuti apumule. Cimene cindizizwitsa ine ndi ici, kuti munthuyu sanalindire kuti ayambe wacira. Mu 1837 anaturutsa buku lace la zilembo lokonzedwanso; mu 1839 anapeza njira yakuti wakhungu alembere kalata munthu wopenya. Ankaombanso limba m'macalici a m'Paris. Nthenda ikamkulira ankapita kwao ku Coupvray kukapuma, nabweranso. Ndipo pamene mphamvu zinamcepera, osatha kuima pamaso pa kalasi lalikuru, anaphunzitsabe nyimbo ana owerengeka. Ife amene tidandaula mau akatiuma pa Cisanu masana, ticite manyazi pang'ono.

Panalinso cina comlemetsa mtima. Mkuru watsopano wa sukuluyo analetsa zilembo zace kwa kanthawi, kotero kuti ana ankazilemba mobisa. Braille sanataye nchito, ndipo pa malipiro ace ocepawo ankathandizapo anzace osowa.

Anamwalira pa 6 January 1852, patangopita masiku awiri atakwanitsa zaka 43. Zilembo zace zinabvomerezedwa ku France mu 1854, iye ali m'manda. Mu 1952 mafupa ace anawasamutsira ku Panthéon, ku Paris, kumene aika anthu omveka a dzikolo. Koma mafupa a manja ace anatsala kwao ku Coupvray.