Bill Finger, mkulu amene anapanga Batman koma dzina lake linabisidwa zaka 76

Pa mbiri za anthu otchuka mwezi uno tatenga munthu amene ambiri simunamumvepo, koma ntchito yake mumaidziwa bwino. Chizindikiro cha mleme wakuda chija mumachiona pa matisheti a kaunjika pamsika wa Chiponde, ndipo Batman mwamuonerapo mu video show, mwina atamasuliridwa kale m'Chichewa. Nanga anamupanga ndani? Kwa zaka 76, mabuku ndi mafilimu ankatchula munthu mmodzi yekha, Bob Kane. Koma analipo wachiwiri, ndipo mbali yaikulu ya ntchito anagwira ndi iyeyo.

Bill Finger anabadwa pa 8 February 1914 ku Denver, m'dziko la America, n'kukulira ku Bronx mu mzinda wa New York. Anali mnyamata wamanyazi, wokonda kuwerenga ndi kuonera mafilimu. Ankafuna kukhala mlembi, koma pokumana ndi Kane paphwando lina mu 1938 n'kuti akugulitsa nsapato. Kane anali wojambula makomiki, timabuku tija tofotokoza nthano ndi zithunzi, ndipo anamutenga Finger kuti azimulembera nthano mseri, iye n'kumasaina.

Chaka chomwecho Superman anatuluka n'kuyenda malonda koopsa, ndiye kampani imene lero timaitcha DC inafuna ngwazi ina. Kane anajambula munthu wovala zofiira, wa mapiko ouma ngati a kaiti, ndi kansalu kakang'ono kobisa maso. Atamuonetsa Finger, mkuluyu anasintha pafupifupi chilichonse. Zofiira zichoke, avale zakuda ndi zotuwa. Mapiko achoke, pabwere chinsalu chakumsana chopepesuka ndi mphepo. Mutu wonse uphimbidwe ndi chisoti cha makutu osongoka, m'manja avale magolovesi, maso angooneka oyera osadziwika kuti akuyang'ana kuti. Dzina loti Bruce Wayne anapereka ndi Finger, la mzinda wa Gotham chimodzimodzi. Nthano yoyamba, imene inatuluka mu Detective Comics nambala 27 mu 1939, analemba ndi iye. Miyezi ingapo pambuyo pake analembanso nkhani imene mafilimu sasiya kuibwereza mpaka lero, ya mwana woona makolo ake akuwomberedwa ndi mbava usiku akuchokera kokaonera filimu.

Koma kukaonana ndi mabwana a kampani anapita ndi Kane yekha. Pepala la mgwirizano linati Batman ndi wa Kane, ndipo dzina lake lokha ndi limene lizilembedwa. Basi, nkhani yonse inathera papepala limenelo. Inu amene mumalemba masewero a kalabu kapena kutengera nyimbo zanu ku studio, apa pamveke: kuno tili ndi bungwe la COSOMA lotetezera ntchito za aluso, koma nalonso limayang'ana dzina limene lalembedwa, osati amene anagona mochedwa akuganiza.

Adani a Batman, omwe ena timawakonda kuposa mwini filimu, ambiri anadutsa m'manja mwa Finger: Catwoman, Penguin, Riddler. Za Joker anthu amatsutsanabe, chifukwa wojambula wina wachinyamata, Jerry Robinson, ankati ganizo linayamba ndi iye. Chosatsutsika n'chakuti nthano yoyamba ya Joker mu 1940 analemba ndi Finger, ndipo anabweretsa chithunzi cha Conrad Veidt, katswiri wa ku Germany, kuchokera mu filimu ya 1928 yotchedwa The Man Who Laughs, momwe ankasewera munthu wa pakamwa pong'ambidwa kuti azioneka ngati akuseka nthawi zonse. Ndiye taonani, nkhope ya Joker inachokera mu filimu, inalowa m'makomiki, kenako n'kubwereranso mu filimu. Heath Ledger anapata nayo mphotho ya Oscar atamwalira kale, chifukwa cha The Dark Knight ya 2008, ndipo Joaquin Phoenix anapatanso ina ndi Joker ya 2019.

Opanga mafilimu akhala akumupinda Batman mmene afunira. Mu 1943 anamutulutsa m'zigawo 15 zoonetsedwa sabata ndi sabata. Mu 1966 anafika pa TV ndi Adam West, koma anamusandutsa wanthabwala, wa mitundu yowala, zibakera zikumalembedwa ndi zilembo zikuluzikulu pa sikirini. Apa pali chinthu chomvetsa chisoni. Finger ndi mnzake Charles Sinclair analembera pulogalamu imeneyi nkhani imodzi ya zigawo ziwiri, ya chigawenga chotchedwa Clock King. Dzina lake linaonekadi pa sikirini, koma ngati waganyu amene walemba nkhani ya sabata imeneyo, pomwe dzina la mwini Batman linakhalabe la Kane. Eti munthu kulembedwa ganyu m'munda umene analima yekha.

Mu 1989 Tim Burton anabwezeretsa mdima uja, Michael Keaton ali Batman, Jack Nicholson ali Joker, ndipo filimuyo inapanga ndalama zoposa madola 400 miliyoni. Burton anasintha kuti amene anapha makolo a Bruce akhale Joker. Kwa ine apa anachepetsa nkhani. Mmene Finger analembera, wakupha anali mbava wamba ya mumsewu, imene pambuyo pake anaipatsa dzina loti Joe Chill, ndipo n'chifukwa chake nkhondo ya Batman siitha: palibe mdani mmodzi woti akamugonjetsa apume. Christopher Nolan anazindikira zimenezi, ndipo mu Batman Begins ya 2005 anamubweza Joe Chill.

Zonsezi za Burton ndi Nolan, Finger sanazione. Naye anali ndi zofooka zake. Ankalemba pang'onopang'ono, ankachedwa kupereka ntchito, ndipo ndalama sizinkamukhalira, moti ankakonda kupempha malipiro ntchito isanathe. Sanali wokangana ndi anthu. Mu 1965 wokonda makomiki wina, Jerry Bails, analemba poyera kuti Finger ndi amene anapanga zambiri za Batman, koma Kane anayankha ndi kalata yaukali yokana zonse, nkhani n'kuzizira. Finger anamwalira ndi matenda a mtima mu January 1974, ali ndi zaka 59, ali yekha m'nyumba yake ku Manhattan, wopanda chuma. Anamupeza ndi Sinclair yemwe uja. Kane anadzavomereza m'buku la mbiri yake mu 1989 kuti mnzakeyo sanalandire ulemu womuyenera, koma n'kuti patapita zaka 15 chimwalirireni.

Amene anaifukula nkhaniyi ndi mlembi wina dzina lake Marc Tyler Nobleman. Anthu ankakhulupirira kuti mwana yekhayo wa Finger, Fred, amene anamwalira mu 1992, sanasiye mbewu, ndiye panalibe wachibale woti angaimirire pamaso pa kampani. Nobleman anafufuza mpaka anapeza kuti Fred anasiya mwana wamkazi, Athena. Mu 2012 anatulutsa buku la ana lofotokoza moyo wa Finger, ndipo Athena anayamba kulankhula pamisonkhano ya okonda makomiki, loya naye n'kulowapo. Mu September 2015 kampani ya DC inalengeza kuti dzina la Bill Finger lizilembedwa pambali pa la Kane. Linaoneka pa pulogalamu ya pa TV ya Gotham, kenako pa filimu ya Batman v Superman ya 2016. Mukadzaonera The Batman ya 2022, musadzathamangitse zilembo zija, liliponso.

Mu 2017 akuluakulu a mzinda wa New York anatcha kagawo ka msewu wina ku Bronx kuti Bill Finger Way. Kali pafupi ndi Poe Park, paki imene Finger ndi Kane ankakhala pabenchi ali anyamata, akukambirana zoti Batman achite mwezi wotsatira.