MPEZENI, MFUMU YA ANGONI

Mpezeni anali mwana wa Zwangendaba, mfumu ija inatsogolera Angoni pothawa nkhondo za Shaka kumwera. Pamene anaoloka Zambezi m'caka ca 1835, tsiku limene dzuwa linada usana, iye anali akali mwana wamng'ono. Anakulira paulendo, pakati pa mikondo ndi zishango.

Atafa Zwangendaba ku dziko la Afipa, mtundu unagawikana. Mpezeni anatenga anthu ake, nalimbana ndi Abemba, natsikira kwa Ansenga, nadzakhazikika ku mapiri a ku Cipata. Ankhondo ake anagawidwa m'magulu monga mwa misinkhu yao. Sanali kuponya mkondo ali patali, koma anathamangira adani atadziphimba ndi cishango ca cikopa ca ng'ombe, nawalasa pafupi. Acewa ambiri anathawira m'malinga ndi m'mapiri, ndipo ogwidwa anasanduka Angoni.

Koma mfumu itakalamba inakomana ndi nkhondo ya mtundu wina. Mjeremani, dzina lake Carl Wiese, analandira kwa iye cilolezo ca m'dzikomo, nacigulitsa kwa Angerezi, amene anaganiza kuti muli golide. Mpezeni anafuna kukhala nao mocenjera, koma mwana wake Nsingo ndi anyamata anakana kuona dziko lirikutengedwa iwo ali cete. Pakutha pa 1897 anazinga Azungu pafupi ndi mudzi wa mfumu.

Mu January 1898 asilikali anafika kucokera ku Nyasaland ndi mizinga ndi mfuti za ciwaya. Angoni anaima molimba mtima monga makolo ao, koma zipolopolo zinawagwetsa asanafike polasana, pakuti cishango sicitha kuletsa cipolopolo. M'masiku owerengeka midzi inapsa, ndipo ng'ombe zikwi zambiri zinalandidwa. Nsingo anagwidwa, naomberedwa mu February. Nkhalambayo inadzipereka, nitengedwa kunka ku Fort Manning.

Atabwerera kwao, Mpezeni anapeza makola opanda kanthu ndi mwana ali m'manda. Mu 1899 amishoni a Dutch Reformed Church anamanga pa Magwero m'dziko lake, ndipo ana a Angoni ndi a Acewa anayamba kukhala pa mphasa imodzi pophunzira. Anamwalira mu 1900.

Iye amene anapata dziko ndi mkondo anaona ndi maso ake kutha kwa mkondowo. Koma anthu ake sanathe, ndipo dzina lake lakhala dzina la mafumu onse olowa m'malo mwake.