Almroth Wright: dokotala wophunzira ku Dublin amene anatsegula njira ya katemera wa tayifodi

Mu Meyi 2023 boma la Malawi linayamba kubaya ana m'dziko lonse katemera wa tayifodi. Chiyambi cha katemera wa nthendayi chili kutali, m'chaka cha 1896, ndipo mmodzi mwa amene anamuyambitsa ndi Sir Almroth Wright.

Wright anabadwa pa 10 Ogasiti 1861 ku Middleton Tyas, m'dziko la England. Bambo ake anali m'busa wa ku Ireland, pomwe mayi ake anali a ku Sweden. Anaphunzira pa Trinity College mumzinda wa Dublin, komwe anamaliza maphunziro a zolembalemba mu 1882 ndi a udokotala mu 1883.

Mu 1892 anakhala pulofesa pa sukulu ya madokotala a asilikali ku Netley. Masiku amenewo tayifodi, yomwe imafala kudzera m'madzi ndi chakudya chodetsedwa, inkapulula asilikali m'misasa. Wright ankalera mabakiteriya a nthendayi m'labotale, n'kuwapha ndi kutentha, kenako n'kuwabaya m'thupi la munthu kuti chitetezo cha m'thupi chimudziwiretu mdaniyo. Pa nthawi yomweyo, Richard Pfeiffer ndi Wilhelm Kolle ankayesanso njira yofananayo ku Germany.

Katemerayu ankatupitsa pobayapo ndiponso kutenthetsa thupi, choncho ambiri ankamukana. Pa nkhondo ya Mabunu ku South Africa, kuyambira 1899 mpaka 1902, asilikali a Britain amene anabayidwa anali ochepa kwambiri, ndipo masauzande anafa ndi tayifodi. Katswiri wa ziwerengero Karl Pearson anatsutsa umboni wa Wright mu 1904, ndipo awiriwa anakangana poyera. Komabe pa nkhondo yoyamba ya padziko lonse asilikali ambiri a Britain analandira katemerayu, ndipo imfa za tayifodi zinatsika kwambiri.

Kuyambira 1902 Wright ankagwira ntchito pachipatala cha St Mary's ku London. Kumeneko iye ndi Stewart Douglas anaonetsa kuti m'magazi muli zinthu zomwe zimamatirira pakhungu la bakiteriya kuti maselo oyera amumeze mosavuta. Mmodzi mwa achinyamata amene anawaphunzitsa anali Alexander Fleming, yemwe anadzatulukira penisilini mu 1928.

Mbiri yake imakhudzanso anthu a kuno. Mu 1911 eni migodi ya golide ku Johannesburg anamuitana chifukwa chibayo chinkapha antchito ambiri, makamaka ochokera kumpoto, m'madera monga Nyasaland ndi Mozambique. Wright anayesa katemera wa chibayo pa amuna masauzande ambiri, koma zotsatira zake sizinapereke yankho lomveka. Mu 1913 boma la South Africa linaletsa kulemba antchito a m'migodi kuchokera kumaderawo chifukwa cha kuchuluka kwa imfa.

Wright anali munthu wokonda mtsutso ndiponso wosagonja. Mu 1913 anasindikiza buku lotsutsa zoti amayi aziponya voti, ndipo maganizo amenewa akuipitsabe dzina lake mpaka lero. Anapuma pantchito mu 1946 ndipo anamwalira pa 30 Epulo 1947.

Funso limene anasiya ndi lakuti: kodi ndi gawo liti la bakiteriya limene chitetezo cha m'thupi chimafunika kuliona? Lero akatswiri amatha kutenga chibadwa cha puloteni ya pakhungu lakunja la bakiteriya, n'kuchiika mwa bakiteriya wina wa m'labotale kuti azipanga puloteniyo yambiri. Mapuloteni oterewa ali m'katemera wa matenda oumitsa khosi a mtundu wa B, amene dziko la Ireland linayamba kubaya makanda mu 2016.

Katemera wa tayifodi wa ku Malawi nayenso sagwiritsa ntchito bakiteriya wathunthu. Amatenga shuga wokuta bakiteriyayo n'kumulumikiza ndi puloteni. Katemera wa mtundu umenewu anayesedwa kuyambira 2018 pa ana oposa 28,000 a ku Ndirande ndi Zingwangwa mumzinda wa Blantyre, ndipo anachepetsa matendawa ndi pafupifupi 80 pa 100 alionse.